Zimene anawerenga pa maliro a bambo anga

Ndinadzuka kusanache. Ndinali nditagona chokhala, mutu utatsamira khoma, ndipo miyendo inali itachita dzanzi. Azimayi a kwaya amene anachezera kuimba anali atatopa. Awiri okha ndiwo ankang'ung'udza nyimbo pansipansi. Mayi anga anali pomwe ndinawasiya, kumutu kwa bokosi, manja ali pamiyendo.

Kunja chiperoni chinali chitatsika kuchokera kuphiri. Nkhuni zinali zonyowa, moto unkangofuka utsi, ndipo ophika ankasinthana kuuzira kwinaku akutsokomola. Adzukulu anadutsa ndi makasu awo kulowera kumanda.

Bambo anga anali mlembi wa mabuku, ngakhale kuno kwathu, kufupi ndi Nguludi, anthu ankangowatcha aphunzitsi. Ali mnyamata, wansembe wina anawabwereka buku la mlembi wa ku Finland, losimba za alimi osauka okhala pa malo a anthu olemera, amene ankalipira malowo pogwira ntchito m'minda ya eni akewo. Bambo ankati m'bukumo anaonamo agogo awo, amene anachoka ku Mozambique n'kudzagwa m'thangata. Ankati kusiyana kwake kunali chisanu chokha. Kuyambira pamenepo anatsimikiza mtima kulemba za alimi akwathu, ndipo analembadi. Koma khasu sankaligwira. Munda wa chimanga ndi nandolo umene unatilera ankalima ndi mayi, iwo ali ku Limbe kuphunzitsa ndi kulemba.

Kutayera, anthu anayamba kufika. Oyamba anali apansi ndi apanjinga, ochokera ku Nchema ndi ku Mikolongwe, zitenje zawo zitanyowa. Kenako kunabwera magalimoto ochokera ku Blantyre. Imodzi inatitimira m'matope pafupi ndi chitsime, ndipo amuna a m'mudzi anaikankha, eni ake ali phee m'katimo. Alendowo anapatsidwa mipando pansi pa tenti. Amalume anga, amene anasamala bambo miyezi yonse ya matenda, anasiya mpando wawo n'kukakhala pa njerwa. Mayi wina wa nsapato zazitali analowa m'nyumba, anafunsa kuti amasiye ndi ati, anawagwira dzanja mayi anga, mnzake n'kuwajambula pafoni.

Mapemphero atatha, nthawi ya zoyankhula inakwana. Woimira banja ananena mwachidule za matenda. Pambuyo pake panaimirira mphunzitsi wina wa kuyunivesite. Anati zimene mlembi wa ku Finland uja anachitira alimi akwawo, bambo anachitira alimi a ku Chiradzulu. Anati bambo ankadziwa mtima wa mayi wa kumudzi kuposa munthu wina aliyense. Atatero anatulutsa buku m'thumba la jekete, nati awerenga ndime imene amaikonda koposa.

Nditangoona chikuto chake, ndinalizindikira bukulo.

Anawerenga bwino, mosathamanga, mawu akumveka mpaka kwa ophika. Inali nkhani ya mayi wina m'chaka cha njala. Mayiyo anakumba mpama kuthengo. Ankadziwa kuti mpama umafunika kuuphika ndi kuuviika nthawi yaitali kuti ululu uchoke, koma mwana wake wamwamuna ankalira ndi njala osaleka. Anauphika kamodzi kokha n'kumupatsa. Kutacha mwanayo anali atauma. Mayiyo anauza anthu kuti anali malungo. Bukulo linatchulanso chipsera cha moto chimene mayiyo anali nacho padzanja lamanzere.

Ine ndinali ndi mchimwene amene anamwalira ndili wakhanda. Tonse tinakula tikudziwa kuti anali malungo. Bukulo ndinaliwerenga ndili kusekondale, ndipo ndinkadziuza kuti ndi nkhani yongopeka. Mayi sadziwa kuwerenga. Za mpamazo anauza munthu mmodzi yekha padziko pano, ndipo munthuyo anali m'bokosi patsogolo pathu.

Alendo a m'tenti ankagwedeza mitu, wina n'kupukuta maso. Koma kumbali ya azimayi a m'mudzi, akuluakulu amene anasambitsa mtembo wa mchimwene wanga zaka zimenezo anayang'ana pansi. Ena anayang'ana dzanja lamanzere la mayi. Mayi analikokera pang'onopang'ono m'kati mwa chitenje.

Tinanyamuka ulendo wa kumanda mvula yowaza ikugwabe. Njira yake imadutsa m'mphepete mwa munda wathu, ndipo onyamula bokosi ankaterereka, akulandizana pafupipafupi. Kwaya inkaimba kutsogolo. Ine ndinawagwira mayi mkono, koma sanatsamire pa ine. Ankayenda mowongoka, osalira. Kumbuyo kwathu ndinkamva manong'onong'o, amene ankaleka ndikacheuka.

Kumanda, dzenje la bambo linali chapafupi ndi kamtumbira kakang'ono kopanda mtanda ka mchimwene wanga. Mayi ankayang'ana pamenepo nthawi yonse imene adzukulu ankakwirira. Poika nkhata anaitanidwa koyamba. Anaika yawo osagwada, n'kubwerera. Nkhata ya alendo inali yaikulu kuposa zonse. Mphunzitsi uja anabwera kudzatsanzika, nandiuza kuti tizinyadira, chifukwa bambo sadzaiwalika.

Pofika madzulo magalimoto anali atapita, atasiya mikwingwirima ya matayala m'bwalo monse. Tenti anaitsitsa, mipando anaibweza kutchalitchi. Azimayi amene mwa mwambo akanagona nafe anapeza zifukwa mmodzimmodzi, kupatula azakhali okalamba amene anali atagona kale pamphasa. M'nyumba munkanunkha utsi ndi maluwa onyowa.

Mayi anakhala pakhomo la kuchipinda, nandiitana.

"Buku lija lili m'masukulu?"

"Eya, amayi."

"Ana amawerenga zimene zija?"

"Amalembera mayeso."

Kenako anafunsa osandiyang'ana: "Nanga abambo ako analembamo kumene anali iwowo chaka chimenecho?"

Ndinawauza zoona. M'bukumo mwamuna wa mayi uja anali atamwalira kale njala isanayambe.

Mayi anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu.

"Anadziika okha m'manda kuti asafunsidwe," anatero.

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ine ndinatsala pabalaza ndi azakhali ali m'tulo, madzi akudontha kuchokera kudenga.