Keke Imene Sanaibaye

Mayeso a Sitandade 8 ndinalemba katatu, ndipo katatu konse dzina langa silinatuluke. Chaka chomaliza ndinali woyamba m'kalasi materemu onse, koma amene anapita ku sekondale ndi mwana wa munthu wina wake, woti ngakhale kugawa nambala sankatha. Makope anga ndinakawatenthera kuseri kwa chigafa cha fodya, nkuwauza mayi kuti asanditchulirenso sukulu. Kwathu ndi kumapiri a Ntchisi. Kumeneko mtsikana akasiya sukulu zimamutsalira ziwiri, kusoka fodya kapena kukwatiwa ndi wosoka fodya. Zonsezo sindinkazifuna.

Ntchito anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa zitumbuwa pamsika wa Dowa boma. Anati kuli mayi wina, aNambewe, akufuna mtsikana wophika ndi kutumidwa. Ndinafunsa kuti paboma ponsepo atsikana atha bwanji mpaka kukafuna wa ku Ntchisi. Azakhali anayamba asuzumira kaye panja.

"Amuna awo anawatenga. Usafunse chimene analakwa. Makolo apano akukaniza ana awo."

Masiku amenewo, a chipani chimodzi, mawu oti "anawatenga" ankakwanira. Amuna a aNambewe, Bambo Phiri, anali kalaliki. Galimoto inabwera kuofesi masana, iwo anakwera, basi. Anawatsekera kundende ina ya paphiri m'boma lomwelo, imene anthu sankaitchula dzina. Ankangoti kumtunda.

ANambewe anali atawachotsa m'nyumba ya boma. Ankakhala okha m'kanyumba ka malata kumapeto kwa mzere, ana awo awiri atawatumiza kumudzi. Ndinakhala m'nyumba imeneyo miyezi isanu ndi iwiri osamvapo munthu akunena kuti odi. Odutsa ankafika pampanda pathu nkuyamba kuyang'ana mapazi awo. Pabalaza panali mpando wa bambo, jekete lawo lili pomwepo, ndipo ine ndinkasesa mozungulira. Kuseri kwa mpanda wa udzu kunkakhala aNajere, wapampando wa amayi a chipani m'deralo. Ankasenda mtedza tsiku lonse atayang'ana kwathu, moni osapereka.

Zakudya zathu awiri sizinali zovuta: futali wa mbatata, mazira okazinga ndi tomato, nthawi zina mpunga wa nyemba. Ntchito yeniyeni inali ya Lachisanu, yophikira bambo chigumu choti ndikapereke kumtunda Loweruka. ANambewe, amene ndinkangowatchula kuti mayi, anali oletsedwa kufika pachipata cha ndendeyo, ndiye chifukwa chake ankafuna miyendo ya mwana wa eni.

Uvuni panalibe. Tinkatenga sefuliya yaikulu, nkuthira pansi pake mchenga wakumtsinje wokuya zala zitatu, nkuiteleka pambaula. Mchenga ukatentha tinkakhazika chitini pakati, nkuvundikira ndi lata, makala pamwamba pa latalo. Moto wapamwamba uzichuluka kuposa wapansi, apo ayi pansi papserera pakati pakadali phala. Tisanalowetse chitini chachikulu tinkaphika kaye kakang'ono m'kachitini ka nsomba, koyesera moto. Kameneko kanali kanga, kodyera panjira. Chigumu chake chinali cha mgaiwa makapu atatu, nthochi zisanu zakupsa mpaka kuda makoko, soda, kamchere ndi mkaka wosasa. Chikapsa ndinkalowetsa kaudzu ka tsache, kakatuluka kouma ndiye kuti chatheka.

Tsiku loyamba ndinachiphika chofewa bwino ngati cha mayi anga. ANambewe anachidina ndi chala nkupukusa mutu.

"Chikhale cholimba, Esime. Chofewa chimagumuka akachibaya."

Ndinazimvetsa m'mawa mwake. Pachipata panali msilikali wamfupi wa chipsera pachibwano. Anatsegula chitini, natenga sipoko ya njinga imene ankaisomeka pamtengo wa chipatacho, nkuyamba kubaya chigumu paliponse, kufuna kalata kapena lezala. Ankabaya mosafulumira, akundiyang'ana. Kenako analowa nacho, ine nkukadikira pansi pa mtengo wa bulugamu. Kumtundako mphepo siileka, ndipo ngakhale mkati munali anthu ambirimbiri, sunkamva munthu akutsokomola.

Chitini chinkabwera patatha maola awiri. Nthawi zonse munkatsala chidutswa chimodzi cha m'mphepete, cholumidwa kamodzi kokha. Msilikali ankaseka nacho.

"Bwana wakoyu ndi wamatama. Mkati muno anzake akunyambita mbale, iye akusiya makombo."

Sanali makombo. Bambo Phiri anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndiye akaluma chinthu pankatsala kamzere kotukuka pakati. Imeneyo ndiyo inali kalata yawo, ndipo sipoko sinkaipeza. Munthuyo sindinamuonepo nkhope. Ndinkangodziwa mano ake.

Ndikafika kunyumba mayi ankatenga chidutswacho nkupita nacho pakhomo pamene pali kuwala. Akaona kamzere kaja ankati, "Alipo. Akudya." Kenako ankakhala moyang'anizana ndi mpando wa jekete uja nkudya chidutswacho pang'onopang'ono, kuyambira polumidwa pomwepo. Ine ndinkatuluka. Zinkandinyansa, komanso zinkandiopsa.

Khrisimasi itayandikira mayi anati ulendo uno sitiphika chigumu, tiphika keke yeniyeni ya ufa wa tirigu. Anandipatsa beseni, majarini ndi shuga, kuti nditakase ndi mthiko mpaka ziyere ngati thovu. Mkono unatopa, zinthu zili zachikasube. Mazira asanu ndi limodzi tinkaswera limodzilimodzi, lililonse m'kapu kaye kuopera lovunda. Ufa tinausefa kawiri. Makoko a ndimu tinawapala ndi mpeni, obiriwira okha, chifukwa oyera amkati amawawitsa.

"Usatakase ngati ukumenya munthu," anatero mayi. "Keke imamva."

"Imve, mayi. Anzanga mawa akukavina, ine ndikukakwera phiri."

Anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka, ndipo anadzigwira pakamwa nkuyang'ana kumpanda.

Keke inatuluka bwino kuposa chilichonse chimene ndinaphikapo. Inakwera mofanana, yofiirira pamwamba, yopanda mng'alu. Ndinaimvera chisoni podziwa kuti mawa ikumana ndi sipoko.

Ndinanyamuka m'mawa wa Khrisimasi kuli nkhungu yoti sungaone chimanga cha m'mbali mwa msewu. Nyimbo za kutchalitchi zinkamveka koma osadziwa kuti zikuchokera mbali iti. Pamlatho anyamata a malaya ofiira anandiimitsa kufuna khadi la chipani. Ndinawaonetsa. Mmodzi ananunkhiza chitini nkufunsa kumene ndikupita. Nditati kumtunda, anandibwezera msanga ngati chamuotcha.

Pachipata ndinapeza msilikali yemwe uja. Masiku onse akandiona ankakuwa kuti, "Mkazi wamng'ono wafika!" Tsiku limenelo anangotambasula dzanja. Anatsegula chitini, anayang'ana keke, anatseka. Sipoko inali pamalo pake pamtengo, madontho a nkhungu akulendewera. Sanaikhudze.

"Simubaya?" ndinafunsa.

"Lero ndi Khrisimasi."

Ndinapita pansi pa bulugamu ndikuganiza kuti kani nayenso ali ndi mtima. Ndinali ndisanamalize kufinya chitenje changa pamene anandiitana. Chitini anali nacho m'manja. Chinali chotsukidwa, madzi akudontha. Chiyambire chinali chisanabwerepo chotsuka. Ndinatsegula. Munalibe ngakhale kanyenyeswa.

"Chidutswa chili kuti?"

"Chidutswa chanji?"

"Chimene amasiya."

Anayang'ana kumbuyo kwake, kenako kumapazi kwanga.

"Ukawauze mayi ako asamavutike ndi kuphika. Mvula yachuluka, njira yaipa."

"Awasamutsa?"

"Ndati mvula yachuluka."

Anatseka chipata. Pamenepo ndipo ndinamvetsa za sipoko. Keke umaibaya ngati mkati muli munthu woti alandire kalata.

Ndinatsika phiri mpaka pamwala wina waukulu, nkukhala. Ndinene zoona, chifukwa ena akamakamba za masiku amenewo amadzisandutsa angelo. Sindinayambe kuganiza za mayi. Ndinayamba kuganiza za ine. Bambo akapanda kukhalapo, kuphika kwatha, ulendo wa Loweruka watha, ine ndibwerera kuchigafa. Za mayi zinabwera pambuyo, pamene ndinawaona m'maganizo ataima pakhomo ndi chitini chopanda kanthu, pa Khrisimasi. Kakeke koyesera moto kanali kakadali m'thumba langa. Ndinanyema chidutswa cha m'mphepete, ndinaluma kamodzi, nkutsina polumapo ndi zikhadabo kuti patukuke kamzere. Ndinachiyang'ana nkuona kuti chafanana. Ndinachiponya m'chitini.

Ndinafika dzuwa litapendeka, nkhungu isanachokebe. Kwa aNajere kunali alendo, fungo la mpunga ndi nkhuku, wailesi ikuimba chapansipansi. Mayi anandilandira chitini ndisanakhale pansi. Atatsegula nkhope yawo inamasuka yonse.

"Ambuye, zikomo. Ndinalota zoipa, Esime. Zikomo, Ambuye."

Anapita nacho pakhomo. Anachitembenuza. Anachitembenuzanso. Ndinkaona msana wawo wokha, ndipo sunagwedezeke kwa nthawi yaitali. Kenako anabwera pamene ndinaima.

"Tsegula pakamwa."

Ndinatsegula. Anandigwira chibwano ndi zala zozizira nkuyang'ana mano anga, onse ogundana bwino.

"Anaibaya?"

"Ayi, mayi."

"Chitini watsuka ndiwe?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa mchere. Kenako ndinaona kuti akufuna kulira, koma akudziletsa. Amene munabadwa mochedwa simungamvetse. Boma silinanene kuti munthuyo wafa. Kumulira kunali kunena kuti boma lapha munthu, ndipo mpanda wathu unali wa udzu.

"Esime, tenga mtondo. Ulowe nawo m'khitchini."

"Tisinja chiyani, mayi, lero?"

"Ndati tenga mtondo."

Ndinaugubuduza nkuulowetsa. Ndinathiramo gaga amene tinkasungira nkhuku, ndinatenga musi, nkuyamba. Mayi anagwada kuseri kwa chitseko, nsalu yopukutira mbale ataikulunga pakamwa. Musi ukakwera ankagwira mpweya. Musi ukagunda ankatulutsa mawu. Poyamba tinkasemphana, ndipo kulira kumodzi kunathawa nkugunda malata. Kenako tinagwirizana ngati anthu awiri osinja mtondo umodzi. Ndapitapo kumaliro ambiri, a anthu mazana, koma sindinamvepo kulira ngati kumeneko, koduladula, kotsatira dzanja langa. Ndikachedwetsa musi, iwo ankadikira, maso atatuluka. Gaga anasanduka fumbi. M'manja munatuluka matuza, naphulika, musi unayamba kuterera.

Ndiye mawu anamveka kumpanda, pafupi kwambiri, ngati munthu wayika pakamwa paudzu penipeni.

"Kodi kumeneko? Kusinja pa Khrisimasi?"

Anali aNajere. Miyezi yonse ija anali asanatilankhulepo. Ndinaimitsa musi m'mwamba. Mayi analuma nsalu, misempha ya m'khosi itaima.

"Ufa watithera, mayi!" ndinakuwa.

Ndinkamva munthu akupuma kuseri kwa udzu. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji, ine musi ukadali m'mwamba.

"Sinja, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Usalekeze."

Mapazi anachoka. Posakhalitsa wailesi yawo inakwera mpaka kumapeto, alendo akudandaula kuti ikuwagonthetsa. Ndinasinja mpaka mayi mawu anawathera okha.

M'mawa mwake aNajere anakhala pamalo pawo kusenda mtedza, moni osapereka, ngati kale. Palibe amene anabwera kudzatiuza kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Mtembo sunabwere. Manda kulibe. Lachisanu lotsatira mayi sanatulutse sefuliya, ndipo mwezi usanathe anamanga katundu kubwerera kwawo. Ntchito imene ndinanama kuti isandithere inatha momwemo.

Za chidutswa chija mayi anandiuza kamodzi kokha, akundimanga nsanza m'manja.

"Ukanabwera ndi chitini chopanda kanthu, ndikanawataya kamodzi. Iwe unandibwezera kaye, nkundilandanso."

Sanakweze mawu. Bola akanandimenya.

Panopa ndimaphika masikono ndi makeke pa tiyirumu ina, ndipo anzanga amati ndine wamwano. Mkate ukapserera sindiupala pansi kuti uoneke bwino, ndimanena kuti wapserera. Mkaka ukasasa ndimamuuza kasitomala asanakhale pansi. Abwana anga amati mawu ena ndiziwathira shuga. Ndinayesapo kamodzi, ndili ndi mtima wabwino theka, ndipo ndinaona mayi wamkulu akuthokoza Mulungu chifukwa cha mano anga. Sindidzabwerezanso.