Kaseti Yopanda Dzina

Ndikukumbukira sitolo ya bambo anga pa boma la Chitipa, kachipinda kamodzi ka malata moyang'anana ndi pokwerera matola. Bambo anachokera ku Ntcheu, ndipo anatsegula sitoloyo matipate atangoyamba, pamene nyimbo zimene anthu ankamvera mobisa zinayamba kulira poyera. Ankagulitsa makaseti, ena ochokera ku Tanzania, ena a makwaya a konkuno, ndi mabuku angapo pashelefu ya kumanzere. M'katimo munkamveka fungo la mapepala, fumbi ndi mabatire otha. Anthu amati kale pa tsiku la msika ankachita kupanikizana pakhomo. Ine zimenezo ndinazipeza zikutha.

Panali kaseti imodzi yomwe sinali yamalonda. Mayi anga anali a ku Misuku, ndipo anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Chithunzi chawo tinalibe. Chomwe anatisiyira ndi kaseti imeneyo, imene bambo anajambula okha tsiku lina mayi akutsogolera kwaya kutchalitchi. Ankaimba m'chiyankhulo cha kwawo, chimene mpaka lero ndimangotolamo mawu awiri atatu. Kasetiyo inalibe chikho chake chosungiramo ngakhale dzina, inkangokhala m'dirowa. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, bambo ankatseka chitseko cha sitolo n'kuiliza kamodzi kokha, ati ikalira pafupipafupi itha. Ine ndinkakhala pansi ndikudya nthochi, n'kumayesa kuwaumbira nkhope mayi anga kuchokera m'mawu awowo.

Ndili Sitandade 7, munthu wina anaika kompyuta pakhonde la sitolo yoyandikana nafe. Anthu ankangomupatsa kakhadi ka m'foni, kochepa ngati chikhadabo, iye n'kuwathiriramo nyimbo zoposa zonse za pashelefu yathu. Makasitomala athu akale anayamba kudutsa atayang'ana kumbali. Mabuku ena anadyedwa ndi chiswe, otsalawo amayi ogulitsa mandasi anatenga kuti azikulungira malonda awo. Koma bambo ankapukutabe makaseti m'mawa uliwonse, atavala tayi, ngati akuyembekezera alendo. Zinkandimvetsa chisoni, komanso, ndisaname, zinkandichititsa manyazi kwa anzanga.

Amene ankafunabe makaseti anali mayi mmodzi yekha, a Nyakaonga, mlimi wa mawere wa kumsewu wopita ku Nthalire. Iwo nyimbo analibe nazo ntchito. Ankafuna tepi ya m'kati ija, kuti aisolole n'kuimanga pa timitengo m'munda. Ikamanyezimira padzuwa ndi kulira ndi mphepo, mpheta zimathawa. Ulendo woyamba bambo anawabweza.

"Mayi, ine ndimagulitsa nyimbo, osati zoopsezera mbalame."

"Yewo, adada, nibweraso," anatero a Nyakaonga akumanga chitenje. "Kweni amene akuwafuna makaseti anuwa ndi mbalame pera, mbalame zokha."

Anabweradi kachiwiri, ndipo kachitatu bambo anagonja. Analongedza makaseti akale opanda zikho m'katoni n'kuiika pansi pa tebulo.

Lamlungu la sabata imeneyo, wailesi yathu yokalamba inayamba kutafuna kaseti ya mayi nyimbo ili pakati. Bambo anaizimitsa msanga, anasolola tepiyo mosamala, n'kuikulunganso ndi bolopeni. Anati aitengera kunyumba, isayandikirenso wailesi imeneyo. Ine ndinatuluka kukatunga madzi, sindinaone kuti aisanjika pamphepete pa tebulo, pamwamba pa katoni ija. Ndipo iwo anaiiwala pomwepo.

Lolemba bambo anapita kumalire a dziko kukaona mabeseni apulasitiki, chifukwa anali ataganiza zosintha malonda. Anandiuza kuti a Nyakaonga akabwera ndiwapatse katoniyo. Ine ndinali mwana wa changu chopanda maso, wokonda kuyamikiridwa. Mayiwo atafika ndinasesa sitolo yonse, ndinatola kaseti iliyonse yopanda chikho n'kuponya m'katoni, ndinamanga ndi chingwe, mpaka ndinawasenzetsa ndekha. Anandiyamika kuti ndine mwana wolongosoka.

Bambo anabwera Lachinayi. Anatsegula dirowa, anayang'ana patebulo, anagwada n'kusuzumira pansi. Kenako anandifunsa motsitsa mawu.

"Mwanawe, patebulopa panali kaseti."

Ndinayang'ana pansi pa tebulo pomwe panali katoni ija. Iwo anadziwa.

M'mawa mwake anandikweza panjinga, ulendo wa kwa a Nyakaonga. Unali mwezi wozizira, mphepo ya ku Chitipa ikutithira fumbi lofiira m'maso ndi m'kamwa. Pazitunda tinkatsika n'kumakankha. Njira yonseyo bambo sanandikalipire, ndipo ndinkalakalaka akanangondimenya. Mumtima ndinkangopemphera kuti mayi aja akhale asanatsegule katoniyo.

Munda wawo tinauona tili patali. Unkang'anima wonse. Matepi anali atamangidwa uku ndi uku pamwamba pa mawere, mizere yopingasana, ena atapotana, ena ataduka n'kumauluzika. Pansi pa mtengo panali mulu wa makaseti oswedwa ndi mwala. A Nyakaonga anatilonjera, ndipo bambo atafotokoza, mayiwo anagwira pakamwa.

"Pepani chomene, adada. Nikadamanya. Tiyeni timasule yonse, mwina muyipeza."

Anayamba kumasula mzere woyamba. Bambo anagwira tepiyo ndi zala, anaiyang'ana padzuwa, anagwiranso ina. Mizere yonse inali yofanana, yoderako, yokhwinyata, yotentha ndi dzuwa la masiku atatu. Palibe chimene chikanasonyeza kuti uwu ndi mzere wa oimba a ku Tanzania, uwu ndi wa mayi anga. Mphepo ikaomba, munda wonse unkalira mawu amodzi opyapyala. Bambo anaima nthawi yaitali atavula chipewa, akumvetsera. Ine ndinali kulira kumbuyo kwawo.

"Mangani momwe munamangira, mayi," anatero pomaliza. "Mbalame zingakutherani mawere."

Pobwerera anandiuza kuti madzi akatayika saoleka, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso mpaka tsiku limene anamwalira. Sitolo anaitseka chaka chomwecho. Mabeseni ankagulitsira panja, pamsika, opanda tayi. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkangopita kunyumba, aliyense n'kupeza chochita.

Lero m'kachipinda kaja akugulitsamo machaja ndi mayunitsi. Pa boma ponse sindidziwa pomwe munthu angagule kaseti, ndipo buku loti ungowerenga pocheza umachita kuitanitsa kutali. Foni yanga ili ndi nyimbo zosawerengeka, ndipo amati masiku ano chilichonse chimapezeka, bola ukhale ndi bandulo. Ndafufuza makwaya a ku Misuku mpaka maso kuwawa. Amaimba bwino ndithu, koma ndi anthu ena.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi, amene wangolowa kwaya ya kusukulu, anandifunsa ngati agogo ake aakazi ankaimba mawu okwera kapena otsika. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, n'kupeza kuti sindikukumbukanso.