Kukayezetsa Mtima wa Abambo a Tadala

Tinanyamuka kwathu ku Wimbe mame asanakamuke, ine ndi amuna anga, abambo a Tadala. Chinali chaka chimene makuponi a feteleza anachedwa, choncho aliyense wokumana nafe ankaganiza kuti tikukalondola zimenezo. Sitinawatsutse. Ife ulendo unali wa kuchipatala ku boma.

Chaka cham'mbuyo adokotala anali atawapeza bambowa ndi bipi komanso mafuta ochuluka m'magazi. Anawapatsa mapilitsi n'kuwaletsa nyama yonona. Anamvera, mimba inaphwa, kupuma kwawo kwabefu kunatha. Koma kwathu mlimi wa fodya akachepa thupi anthu safunsa, amangotsinana. Kutchalitchi moni anasanduka wachisoni, ndipo amayi anzanga ankandinong'oneza kuti ndilimbe mtima, matendawa masiku ano ali ndi mankhwala. Bambowa zinawawawa kwambiri, moti anabwerera ku nyama ya nkhumba mwadala kuti anenepenso.

Akabaza anatitula pa Mtunthama, K150 aliyense, ndipo wonyamula bambowa anafika thukuta lili kamukamu. Apo tinakwera matola ya K250, tinathithikana ndi matumba a mtedza. Zigafa m'mbali mwa msewu zinali zopanda kanthu, fodya atapita kale ku okushoni. Bambowa anatulutsa kapaketi ka tizipatso tofiira touma tonga masau, timene mphwawo anawagulira m'sitolo ina ku Lilongwe. Dzina lake lachizungu linandikanika, koma akuti timatsitsa mafuta m'magazi. Mayi wina wofukata nkhuku analawako kamodzi, nakwinya nkhope, n'kunena kuti chowawasa chotere sichingalephere kuchiritsa.

Pa depoti ya Kasungu fungo la chiwaya linatilandira tisanatsike n'komwe. Bambowa anagula kanyenya, kusankha konona, kenako anatafunira tizipatso tija pamwamba ngati munthu wotsuka mbale. Umu ndi mmene ankachitira masiku onse, ndipo mapilitsi anali atawasiya. Ine ndinapsa mtima koma sindinafune kuwachititsa manyazi pagulu. Kamtunda kopita kuchipatala anaima kawiri, dzanja lili pachifuwa, akunamizira nsapato. Apo mkwiyo unandithera, kunatsala mantha.

Masana adokotala, mayi wodekha, anawayeza, nayang'ana kapaketi kaja mosaseka. Anati zipatso si zoipa, koma sizilowa m'malo mwa mapilitsi, ndipo sizifufuta zimene munthu wadya pachiwaya. Atafunsa chifukwa chimene anasiyira malangizo, ndinafotokoza ndine.

"Ndiye thupili mukunenepera anthu?" anafunsa adokotala. "Mtimawu ukutopa, bambo. Anthuwo sadzakubwerekani wawo."

Pobwerera dzuwa litapendeka, m'matola tinapezamo a Mwale, mkulu wa mpingo kwathu. Anawagwira bambowa phewa mosangalala, nati tsopano thupi labwerera, mpingo wonse unali ndi nkhawa. Amanena ndi mtima wabwino ndithu, ndipo n'chimene chinandipweteka. Ndinawayang'ana amuna anga, ndikudziwa kuti mawu amenewa akhala akuwafuna miyezi yonseyi.

Galimoto itadutsa dambo lonse, amuna anga anatembenukira kwa mkulu wa mpingoyo.

"A Mwale," anatero, "mukawauze ayambirenso kuda nkhawa. Ndikukachepanso."

A Mwale anaseka osamvetsa. Ine sindinaseke. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti manyazi atha kupha munthu amene matenda akanamulekerera. Ndinadziwanso kuti akachepa iwo, wonenedwa pachitsime ndikhala ine, ndipo kunenedwa kumandiwawa ngati wina aliyense.

Titatsika pa Mtunthama bambowa anandifunsa motsitsa mawu ngati ndidzapirira zonena za anthu. Ndinawauza kuti bola anthuwo andinene ndili ndi mwamuna, kusiyana n'kuti anditamande nditavala zakuda.