Utsi Ukutulukira Pati?

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa olemba anthu opita kumigodi ya ku Joni anandikana. Dokotala wawo anandigogoda pachifuwa n'kupukusa mutu. Anzanga anakwera lole, ine ndinabwerera kwathu ku Lizulu wapansi, manyazi atandigwira. Nkhondo yachiwiri inali itangotha kumene. Amalume ndiwo anandipereka kwa a Ngozo, mmisiri womanga nyumba, munthu wosaseka, amene anandiyang'ana m'manja n'kunena kuti ndibwere mawa.

Tinkagwira panyumba ya mzungu wina wa zaulimi, nyumba ya njerwa yofolera udzu. Amene ankakhalamo kale anatseka ndi njerwa malo osonkhapo moto pabalaza, ndipo chumuni chinakhala zaka osaona utsi. Watsopanoyu anabwera ndi dona ndi khanda, ndipo chisanu cha ku Lizulu sichinyengerera mwana. Dona ankafuna moto wa nkhuni, khandalo lizigona pofunda.

Kugumula njerwa ndi nyundo ndi tchizulo sikunavute. Chinanditopetsa n'chakuti m'chumunimo munali mwaye, zisa za mbalame ndi ndowe za mileme. Tinamanga nthambi zaminga pachingwe, a Ngozo ali pamwamba, ine pansi, n'kumakokerana. Zonse zinkagwera pamutu panga. Ndinkalavula zakuda mpaka kunyumba, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina kumigodi kukanakhala bwinoko. Titatha tinamata mkati, pamene mkono unkafika, ndi laimu wosakaniza mchenga ndi ndowe za ng'ombe, chifukwa matope otere sachita ming'alu ndi moto. Pansi tinayala miyala yafulati, makala akathetheka asagwere pamkeka.

Tsiku loyesa moto kunacha ndi nkhungu ndi mphepo ya mwera. A Ngozo anasonkha nkhuni, pamwamba n'kuikapo udzu wauwisi kuti utsi uchuluke. Ine ananditumiza panja kukayang'ana.

"Ukutuluka?" anakuwa ali m'kati.

"Ukutuluka, bambo!"

Sindinaname. Wina unkatuluka pamwamba pa chumuni, wina unkafuka bwinobwino m'udzu wa denga, monga zimakhalira nyumba iliyonse kwathu. Ife tinakulira m'nyumba zimene utsi umadutsa m'denga, ndipo timati umalimbitsa udzu ndi kuteteza chimanga chambewu ku anankafumbwe. Khukhi ndi wolima m'maluwa anaima nane pomwepo, nawonso akugwedeza mitu kuti ntchito yatheka. Dona anali atasendeza kale kabedi ka khanda pafupi ndi moto.

A Ngozo anatuluka akupukuta m'manja, n'kukweza maso. Sindinaonepo munthu wamkulu akuthamanga chotero. Anakhuthulira pamoto ndowa ya madzi osukira zida, chiphulusa n'kudzaza pabalaza ponse. Khanda linalira, dona anakalipa m'chizungu. A Ngozo anangoti, "Makwerero!"

Tinakwera n'kuyamba kusasula udzu mozungulira chumuni. Unali wofunda ngati mkeka umene munthu wangodzukapo. Tinapeza kuti amene anafolera nyumbayo chumuni chili chotseka anachotsa njerwa n'kulowetsamo phaso la denga, poti sankayembekeza kuti mudzadutsanso moto. Nsonga ya phasolo inali itayamba kale kunyeka, udzu wouma uli pompo. Ndinaganiza za khanda lija litagona pansi pa dengalo, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

A Ngozo sananditukwane. Anakhala paphaso lina akupuma movutika, n'kuti, "Nanenso ndinafunsa mopusa. Utsi sulephera kutuluka. Ndikanafunsa kuti ukutulukira pati."

Tsikulo sitinadye. Tinadula phasolo ndi sowo, tinalichirikiza ndi mtanda wina patali ndi chumuni, tinatseka bowo ndi njerwa n'kumata kunja konse kuyambira m'denga mpaka pamwamba. Laimu anandidya zala mpaka kutuluka magazi, mphepo ikulowa m'mabalamo. Mvula yamawawa inayamba tisanabwezeretse udzu, ndipo tinamanga luzi ndi manja osamva kanthu. Bwana atabwera anayang'ana phulusa lapabalaza n'kufunsa chifukwa chake ntchito yaing'ono chotere inkachedwa. A Ngozo anavula chipewa n'kuti, "Pepani, bwana." Za phaso lija sanazitchule, mphamvu zofotokozera zinali zitawathera.

Ndinafika kumudzi dzuwa likulowa, miyendo ikukana. Nyumba zonse zinkafuka utsi m'madenga, yathunso, ndipo ndinayamba kuthamanga. Ndinapeza amayi akukazinga chimanga, osadziwa kanthu. Anandiseka kuti ntchito ya kwa azungu yandizunguza mutu.

Ndamanga machumuni ambiri kuchokera pamenepo, ku Nsipe, ku Kandeu ndi kuboma, mpaka msana unapindika. Sindiyatsa moto ndisanakwere m'denga kukapapasa njerwa iliyonse ndi manja anga. Ndipo ndikatuma munthu panja, sindimufunsa ngati utsi ukutuluka. Ndimamuuza kuti aloze ndi chala pamene ukutulukira.