Chikopa Chotembenuza

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la golosale ina pa Nsipe, moyang'ana msewu waukulu, ndipo ndinayamba kukhala pamenepo ndili ndi mwana mmodzi kumsana. Ntchito yanga ndi mayunifolomu a sukulu, mabulauzi a amayi a kutchalitchi, ndi kuchepetsa mabuluku a pakaunjika. Zovala za mafumu ndinasokapo kamodzi kokha, ndipo sindikufunanso.

Kunali m'chilimwe, fumbi lili koboo, pamene galimoto inaima kutsogolo kwa khonde. Munatuluka mnyamata wa chipewa choyang'ana kumbuyo, nandipatsa moni waulemu ndithu. Anati iye ndi anzake achokera mumzinda, akujambula filimu ya mfumu yaikulu ya Angoni yamakedzana, mfumu yongoipeka okha, ndipo akajambulira kumapiri a ku Biriwiri. Iyeyo ndiye anali mkulu wa filimuyo. Ankafuna zikopa zovala pamapewa, makumi awiri za asilikali ndi chimodzi cha mfumu. Anatsitsa mpukutu wa nsalu yaubweya ya mawanga a nyalugwe, ija ena amakutira mipando ya m'galimoto.

"Zonsezi za nyalugwe?" ndinafunsa.

"Zonse, mayi. Pakanema pamafunika zooneka. Munthu akangoona mawanga adziwiretu kuti awa ndi Angoni."

"Nanga mfumu adzaidziwa bwanji?"

"Chake mutalikitse, muike mpendero wofiira ndi mabatani onyezimira."

Ndinaseka, koma ntchito ndinailandira. Nsaluyo inali yoyabwa, ubweya wake unkalowa m'mphuno ndi m'makina momwe. Ndinaona kuti anthu adzatupa nayo pathupi, ndiye mkati mwa chikopa chilichonse ndinaikamo kakhi wotsala ku makabudula a sukulu. Mkatimo sindinasamale kwenikweni. Ndinkangothamangitsa makina, poti ndani amayang'ana mkati mwa chovala cha mfumu.

Tsopano ndinene za ababa. Iwo anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi zinthu zitatu: bokosi lachitsulo, wotchi yapamkono, ndi chifuwa. Wotchi inafa kale. M'bokosimo ankasungamo zovala zawo za ngoma, gule wathu wa Angoni: mthini, kachikopa kaja amuna amamanga pamutu, chikopa cha mbuzi cha m'chiuno, michira ya ng'ombe ya m'mikono, ndi manjerenjeza a m'miyendo. Chishango ndi chibonga zinkakhala kudenga. Kwathu ababa ndiwo ankatsogolera mzere pa ngoma, koma panali patatha zaka zitatu asakuvina. Chifuwa chija chinali chitakula. Kuchoka panyumba kufika pakhola ankaima kawiri.

Mchimwene wanga amakhala ku Joni komweko, ndipo ana ake atatu anabadwira kumeneko. Agogo awo ankangowamva mawu pafoni. Ndiye ababa atamva kuti a filimu akufuna amuna odziwa ngoma ochokera m'midzi, anandiitana.

"Mayi, mukandilembetse."

"Ndi chifuwa chimenechi, ababa?"

"Ana aja andioneko ndikuvina. Akamanena kuti kwathu n'ku Ntcheu azidziwa chimene akunena."

Ndinawalembetsa. Masiku otsatira ndinkati ndikaweruka ndiwapeza kuseri kwa khola, akuponda pansi katatu kanayi, kenaka n'kutsamira mtengo mpaka mpweya ubwerere. Za nyalugwe sindinawauze. Musaganize kuti sindinkadziwa. Ndinakulira m'nyumba imeneyo, ndinkadziwa bwino lomwe kuti kwa ababa chikopa cha nyalugwe ndi cha inkosi ndi a m'nyumba yake basi. Ndinangoti zikadziwika konko, anthu akachuluka mwina adzachita manyazi kukana. Ndinachita mantha, ndingonena choncho.

Tsiku lojambula anatinyamula palole mamawa, amuna ovina ndi ine ndi matumba anga a zikopa. Malo ake anali pamtunda, pamwamba pa madimba a kabichi, pomwe sipaoneka nyumba yamalata kapena waya wamagetsi. Ababa anavala zawo pang'onopang'ono kuseri kwa mwala. Kenaka anatulukira. Anali ataonda, nthiti zikuwerengeka, koma mthini utakhala pamutu anaoneka wamtali kuposa mmene ndinkawaonera panyumba.

Woyamba kuvala zosoka zanga anali mnyamata wosewera ngati mfumu, wamumzinda nayenso, wathupi labwino. Chikopa chinamukhala, sindinama, mabatani ali ngwee padzuwa. Podikira kuti makamera akonzeke, mfumuyo inakhala pakireti n'kuyamba kudya tchipisi cha m'jumbo ndi kamtengo, mafuta akudontha. Ababa anayang'ana kanthawi. Kenaka anapita, nanjuta pang'ono pambali pake.

"Pepani bambo, muvule kaye chikopacho kuti mudye bwino."

Mnyamatayo anadabwa, anayang'ana uku ndi uku, koma anavula n'kuchiika pamwala. Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinadziwa chimene chikubwera.

Mkulu wa filimu anandiuza kuti ndigawe zikopa. Amuna analandira, ena akuseka, ena akung'ung'udza chapansipansi, koma onse anavala. Nditafika pa ababa ndinawapatsa osawayang'ana kumaso. Anachifunyulula, nachiyang'ana, nachipindanso bwinobwino, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Ichi si changa, mayi."

"Ababa, ndi nsalu iyi. Ndasoka ndine, pa Nsipe pompaja. Palibe nyalugwe wafa."

"Ndikudziwa kuti ndi nsalu. Koma oonerawo mudzawauza mmodzimmodzi kuti ndi nsalu?"

Ababa anapitiriza.

"Ana aja akadzandiona ndi mawanga adzati agogo athu ndi a kunyumba yachifumu. Ife si a kumeneko. Bambo anga ankaweta ng'ombe za eni ake, ine ndinkakumba miyala pansi pa nthaka. Ndikuvinira kuti andidziwe, ndiye ndiwanamize?"

Mkulu wa filimu anabwera kudzaona chachedwetsa. Anali mwana waulemu, zimenezo sindingamulande. Anafotokoza modekha kuti zovala za ababa ndi zenizeni, iye akuzilemekeza, koma zasuluka, pakanema zidzafanana ndi udzu wouma wa kumbuyoko. Asilikali a mfumu ayenera kufanana onse. Wopanda chikopa sangaime pamzere.

"Chabwino bambo, ndamva," anatero ababa.

Anakhala pamwala n'kuyamba kumasula manjerenjeza. Sanakwiye, sanatukwane. Mwendo umodzi utatha anapuma kaye asanagwire winawo.

Pamenepo ine zinandikwera. Ndinakwiyira ababa chifukwa cha kuuma mutu, ndinakwiyira mnyamata wa chipewa, koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha, ine wodziwa zonse amene ndinakweza munthu wodwala palole kudzamuchititsa manyazi paphiri. Ndinatenga chikopa chija n'kuchitembenuza, mawanga mkati, kakhi kunja. Zingwe zomangira zinali mbali inayo, ndiye ndinazidula ndi mano n'kuzisokanso pamanja. M'chikwama munali ulusi woyera wokha. Ndinasoka ndi womwewo, mothamanga, nditagwada m'fumbi.

"Ababa, mangani manjerenjezawo. Ichi nacho mukana?"

Anachiyang'ana mbali ya kakhi, nachigwiragwira.

"Mawanga sakuoneka?"

"Sakuoneka."

Anatembenuka kuti ndiwaveke.

Mkulu wa filimu anagwira kukamwa. "Mayi, chimenechi chikuoneka ngati thumba la feteleza."

Ankanena zoona. Misoko yanga yonse yothamangitsa ija inali poyera, yokhotakhota ngati njira ya mbuzi, kakhi wake zigamba ziwiri zosiyana mtundu. Telala aliyense akanabisa nkhope.

"Thumba kaya si thumba, avina," ndinatero. "Apo ayi ndivula zikopa zanga zonsezi ndibwerere nazo ku Nsipe, mfumu yanuyo ilamulire dziko ili ndi kabudula wampira."

Sindikudziwa ngati ndikanachitadi. Koma mawu ndinakweza, ndipo amuna ena a kwathu anayamba kumasula zingwe za zikopa zawo mwakachetechete. Mnyamata wa chipewa uja anayang'ana dzuwa, anayang'ana amunawo, n'kunena kuti chabwino. Anawaika ababa kumapeto kwenikweni kwa mzere. Ndinamva akunong'oneza wa kamera kuti kumeneko n'kosavuta kudula. Ababa sanamve, ndipo sindinawauze.

Nyimbo inayamba. Ngoma ilibe ng'oma zoimba, ng'oma yake ndi phazi ndi chishango, ndiye mzere ukapanda woutsogolera umamveka ngati anthu akupuntha nyemba. Amuna aja anazolowera kwa zaka zambiri kuyang'ana phazi la ababa. Ngakhale anali kumapeto, maso onse anapendekera komweko. Ababa anakweza mwendo, naponda, ndipo mapazi onse anagwera pamodzi, fumbi n'kudzuka. Anavina ngati alibe chifuwa. Anagunda chishango ndi chibonga, nalumpha kamodzi, kulumpha kumene ndinakuona komaliza ndili mtsikana. Ine ndinaima kumbuyo kwa kamera nditakumbatira thumba lopanda kanthu, ndikuwerenga mpweya wawo m'malo momvera nyimbo.

Nyimbo itatha mkulu wa filimu anati zakhala bwino, tibwereze. Ababa anayesa kuima pamzere, koma miyendo inakana. Ndinawagwira n'kuwakhazika pamthunzi. Anatsokomola nthawi yaitali, ndipo nditawapukuta pakamwa ndi kansalu ndinakapinda msanga kuti asaone magazi. Enawo anabwereza kanayi popanda iwo. Ndinkamvera ndili pamthunzipo, mapazi akugwa ena patsogolo ena pambuyo.

Kenaka kunali kudikira. Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira. Ababa anasiya kufika kukhola, ankangokhala pampando pakhonde atafunda bulangete masana. Ndikafika kuchokera kuntchito, moni usanathe, ankafunsa.

"Yatuluka?"

"Sinatuluke, ababa."

"Achedwa nayo."

Tsiku lililonse ndinkayankha choncho, mawu a kunong'oneza aja ali m'mutu. Ndinkaganiza kuti ikatuluka iwo mulibe ndidzawauza chiyani. Ndinafika pokonza bodza loti filimuyo inalephereka. Nambala ya mkulu wa filimu ndinali nayo, koma sindinaimbe, chifukwa ndinkaopa yankho.

Chimanga chili ndi ngaiyaye, tsiku lina masana ndili pamakina, foni inalira. Anali mchimwene wanga wa ku Joni.

"Achemwali, filimu ija yatuluka. Ndakutumizirani kachidutswa. Ana awapeza okha agogo, ine ndisanaloze."

Ndinasiya buluku la munthu lili pansi pa singano, n'kukwera njinga ya kabaza. Panjira sindinatsegule foni. Ndinafuna tikaonere limodzi, zikhale bwino kaya zoipa.

Ndinawapeza pakhonde pomwepo. Ndinagwada pambali pa mpando n'kuwagwirira foni pafupi ndi maso. Panaoneka mfumu ndi mabatani ake, kenaka mzere wa amuna a mawanga okhaokha, osadziwika uyu ndani uyo ndani. A filimu anagwiritsa ntchito kujambula koyamba kuja. Chifukwa chake sanandiuze, koma ndili ndi makutu, ndinamva mmene mapazi ankagwera. Kumapeto kwa mzere, m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi, chishango chitadulidwa theka, kunali mkulu wowonda wovala kakhi. Anakweza mwendo, naponda, nalumpha. Zonsezo zinatenga nthawi yongokwanira kulowetsa ulusi pasingano, kenaka kamera inabwerera kwa mfumu.

Ababa anatembenukira kwa ine.

"Mwati ana aja anandidziwa okha?"

"Okha."

"Anandidziwa bwanji, poti sanandionepo?"

"Akuti wamng'ono uja ndiye analoza. Anati onsewa ndi anyalugwe, munthu ndi mmodzi yekha, ndiye agogo ndi amenewo."

Anaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa, ndipo ndinadikira mpaka chitatha. Misozi inali m'maso mwawo, kaya ya chifuwa kaya ya china, sindinafunse. Yanga ndiye sinali ya chifuwa.

"Bwezani ndionenso."

Ndinabweza. Ndinabwezanso. Kachitatu anasendeza nkhope pafupi, naloza ndi chala paphewa la mkulu wa m'chithunziyo. Pamenepo, pomwe ndinasoka chingwe ndili chogwada, panali ulusi woyera wautali ukuuluka ndi mphepo.

"Ulusi uwu simunadule, mayi. Dziko lonse liona kuti mwana wanga ndi telala waulesi."

"Liona, ababa."

"Bwezani."

Chimanga cha chaka chimenecho sanadye. Mthini, michira ndi manjerenjeza tinawaika nazo, monga ananenera. Chikopa cha kakhi chinatsala m'bokosi lachitsulo lija, chotembenuza momwemo. Anzanga a ntchito ya utelala anaionera filimuyo ndipo mpaka lero amandiseka nayo misoko ija, ine ndimangowayankha kuti inde ndinasoka ndine. Sizasi ndimagwira tsiku lililonse, koma ulusi uja sindinaudule.