Mayi Kezia Atsatira Maliro ku Japani

Mayi Kezia Kamphinda, mlimi wa tomato ku Chezi, sajomba maliro ngakhale akhale a mlendo. Mwana wawo Vanessa, yemwe anakwatiwa ku Japani, atabereka mwana woyamba anawaitanitsa kuti akalere khanda.

Katauni kamene Vanessa ankakhalako kanapanikizika pakati pa phiri ndi mtsinje. M'mawa woyamba mayiwo anasuzumira pawindo, naona khamu la anthu ovala zakuda likutsetsereka mumsewu, osalankhula, osaseka, onse kulowera kumodzi.

"Pano zagwa," anatero chamumtima. Anamanga chitenje ndi duku, nalowa pamzere atazyolika.

Mzerewo unakathera pa siteshoni. Sitima inafika mwakachetechete, inameza anthu onsewo, n'kukasowa m'mimba mwa phiri. Iwo anatsala okha, kukamwa kuli yasa.

Vanessa atawapeza anafotokoza kuti anthuwo amagwira ntchito mumzinda waukulu, ndipo kuti njanji isanabwere ponsepo panali minda ya mpunga.

Madzulo mayiwo anabwererako kuti akadzionere okha. Phiri linalavula sitima ija, anthu aja n'kutsika onse, amoyo.

Mpaka lero amauza anzawo ku Chezi kuti: "Ndinaona mudzi umene umaikidwa m'mawa uliwonse n'kuuka madzulo. Kwathu kuno tikaperekeza munthu chonchija, sabwerako."