Dzina Limene Ndinkalemba pa Zithunzi

"Ndiye inu ndi ndani wawo Mayi a Tadala?"

Anandifunsa choncho mayi wina woyandikana nafe nyumba, tili pamzere pa kiyosiki ya madzi ku Chinsapo, nditangobwerako ku Joni. Ndinatula ndowa pansi n'kumuyang'ana. Tadalayo ndinabereka ndine, chipsera cha opareshoni ndili nacho mpaka lero. Koma mayiyo sankanyoza ayi. Anasamukira m'derali ine ndili kunja, ndiye ankangofuna kudziwa.

Maganizo opita ku Joni anandibwerera Tadala atangosiya kuyamwa. Bambo ake anali atapita ku Mchinji kukagula mtedza wa bizinesi, mtedzawo n'kusanduka mkazi wina. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma manja angawa amadziwa kuluka tsitsi. Vuto la ku Chinsapo linali loti aliyense womuluka ndi mbale wako kapena mnzako wa kutchalitchi, malipiro ake ndi "Mulungu akudalitse". Achemwali anga aakulu, a Eneless, ndi amene anandilimbitsa mtima.

"Pita Agi, mwanayu ndisiyire. Ukasunge ndalama, pobwera udzatsegule saluni yako."

Ku Joni ndinapeza ntchito pa saluni ya mayi wina wa ku Congo. Tinkagona angapo m'chipinda chimodzi, aliyense chikwama chake kumutu. Kuzizira kwa kumeneko kumalowa mpaka m'mano. Ndalama ndinkatumiza zikapezeka, koma sindinama, inalipo miyezi ina yomwe lendi inkandidyera zonse. Lamlungu ndinkaimba foni ya vidiyo kuti ndione mwana. Iye ankangonyambita galasi la foni, ine kuno n'kumalira m'bafa kuti anzanga asandione.

Chimene chinkandisangalatsa ndi zithunzi. Ndikamaliza kuluka mutu wabwino, ndinkapempha mwini wake, n'kujambula chakumbuyo, n'kuika pa peji yanga ya pa intaneti. Cholinga chinali chimodzi: anthu a ku Lilongwe ayambiretu kudziwa manja anga, kuti tsiku lotsegula saluni ndisadzayambire pansi.

Tsiku lina mnzanga wa ku Kawale ananditumizira chithunzi n'kufunsa ngati ndabwerako mwakachetechete. Unali mutu umene ndinaluka ine, koma uli pa peji ya saluni ina ya ku Chinsapo, nambala ya foni yosaidziwa, pansi atalemba kuti "bwerani tikukongoletseni, tili pafupi ndi chigayo". Ndinaimbira achemwali nthawi yomweyo.

"Anthu alibe manyazi," anatero achemwali. "Usadandaule, ndikaona ndekha."

Mawa lake anandiuza kuti apitako koma apeza potseka.

Pa saluni pathu panali NyaGondwe, mayi wa ku Mzimba amene foni ankaidziwa ngati anabadwa nayo. Iye ndiye anandiphunzitsa kulemba dzina pa chithunzi. Ndinalemba "Agi" pakona. Sabata isanathe chithunzi chinatulukira ku Chinsapo atachidula konayo, pamodzi ndi khutu la kasitomala. NyaGondwe anati ndilembe pakati penipeni pa mutu, zilembo zoyererako ngati nkhungu, kuti wodula adule ndi tsitsi lomwe. Wakubayo anangomata kasitika ka duwa pa dzinalo. Anthu n'kumayamikira m'munsimo kuti duwalo lakhala bwino.

"Tseka peji, azione anzako okhaokha," anatero NyaGondwe.

Ndinatseka. Ndinachotsa anthu onse amene sindinkawadziwa bwino, ngakhale mkazi wa abusa ndinamuchotsa chifukwa amaseka kwambiri. Zithunzi zinapitiriza kutuluka. NyaGondwe anati, "Mwana wa mama, wakuba wakoyu umamupatsa moni." Ine ndinaganiza kuti akunena mnzanga wa ku Kawale uja, ndipo ndinasiya kumuyankha.

Nzeru yomaliza inachokera kwa achemwali.

"Vuto dzina lakolo ndi lalifupi, duwa limodzi lakwanira. Komanso ndiwe munthu wamkulu tsopano, ungamadzitchule Agi ngati kamtsikana ka ku pulayimale? Uzilemba Mayi a Tadala, zilembo zazikulu, kuchokera khutu ili kukafika khutu linalo."

Ndinaona kuti ndi zoona. Kuyambira pamenepo chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi dzina limenelo, lalitali moti maduwa ake akanafunika dimba lonse. Peji ya wakuba ija sindinaionenso. NyaGondwe anati mwina angonditsekera kuti ndisamaione, koma ine ndinali nditapambana kale mumtima, mpaka ndinamugulira tchipisi ndi nkhuku.

Ndinabwerera kumudzi mapepala ondilola kukhala ku Joni atatha, mayi wa ku Congo uja atayambanso kuchedwetsa malipiro. Ndinanyamula meshi, chowumitsira tsitsi ndi nsapato za Tadala zimene ndinagula mongoyerekeza phazi. Achemwali anali atasamukira nyumba ina, anandilondolera pa foni kuti ndikatsike pa chigayo. Ngakhale pamenepo mutu wanga sunagwire.

Nyumbayo inali ndi chipinda choyang'ana kumsewu, pamwamba pa chitseko chikwangwani cha penti yofiira: Saluni ya Mayi a Tadala. M'kati khoma lonse zithunzi zanga, zotsukidwa bwinobwino, zomatidwa m'mapulasitiki kuti zisade. Chilichonse chili ndi dzina lalitali lija pakati, lolembedwa ndi chala changa chomwe.

Ndinakhala pa benchi osavula ngakhale chikwama.

"Achemwali, wakuba uja ndinu?"

"Wakuba ndani? Zithunzi zapita kuti? Si izi zili pabanja pompano?"

"Nanga dzinali?"

"Ndanama pati? Ine si mayi ake aakulu a Tadala? Ku sikelo ndinkapita naye ndani? Dera lonse lino limandiitana choncho, sindinawatume ndine." Anakonza chitenje n'kuwonjezera motsitsa mawu, "Miyezi ija unkangotumiza moni, ukuganiza mwanayu ankadya moniyo?"

Miyeziyo ndinkaikumbuka.

Choseketsa n'choti achemwali amadziwa kuluka mizere yokha basi, ya ana asukulu. Munthu ankaloza chithunzi pakhoma, n'kutuluka ndi mizere. Akadandaula ankamuuza kuti mutu wake ndi wosiyana ndi wa pachithunzi. Mnzanga wa ku Kawale uja, nditapita kukamupepesa patapita masiku, anandiuza kuti mpaka ku Biwi anthu amati Mayi a Tadala pa foni ndi katswiri, koma pamutu ndi ngozi.

Tsiku limene ndinafikalo, tikadali kukambirana ndi achemwali, panalowa mtsikana wa ku Area 47, ali ndi ukwati wa mnzake Loweruka, n'kuloza chithunzi chovuta kuposa zonse. Achemwali sanaphethire n'komwe.

"Mwachita mwayi. Wantchito wanga wangofika kumene kuchokera ku Joni. Agi, samba m'manja."

Ndinasamba. Mtsikanayo analibe mlandu, komanso sindikanalola kuti dzina la mwana wanga lipite ku ukwati wa eni lili ndi mizere. Ndinaluka mpaka dzuwa kupendeka. Atadziyang'ana pagalasi anawagwira dzanja achemwali n'kuwathokoza kuti ali ndi diso posankha antchito.

Tadala anabwera kuchokera ku sukulu ya mkaka ndidakali m'kati moluka. Anathamangira kwa achemwali n'kubisala kuseri kwa chitenje, akundisuzumira ndi diso limodzi.

"Amayi, awa ndi anti a mufoni aja?"

Nsapato zija zinamuthina.

Panopa ndikuluka pa saluni yomweyo, ndalama timagawana, ndipo anthu ayamba kubwera kuchokera kutali. Achemwali amalandira alendo ndi kujambula zithunzi. Sabata yatha anandiitana atakwiya kuti saluni ina ya ku Mtandire yaba chithunzi chathu, ndiwaonetse mmene ankachitira NyaGondwe. Ndinawaonetsa. Mwana ndikumuzoloweza pang'onopang'ono: ndimamusambitsa ndine, ndimamuperekeza ndine, ndipo sindimukakamiza kunditchula chilichonse.

Mayi wa pa kiyosiki uja ndinamuyankha kuti ndine mng'ono wawo, chifukwa mzere unkasuntha ndipo nkhaniyi ndi yaitali. Koma ndikawerengera zimene zinapita, si zambiri: zithunzi zonse za ku Joni, mnzanga mmodzi amene mpaka pano amandipatsa moni wozizira, dzina limene ndinalemba ndekha kuti asandibere, ndi mawu oti "amayi" pakamwa pa Tadala.